Nthiti ndi chambo sizimva moto umodzi

Pawiripawiri sipauzirika, anatero akale, ndipo ine ndikhulupirira kuti woyamba kunena mawuwa anali atagwadapo pa mafuwa. Masiku ano ana athu akapeza kangachepe, fodya akagulidwa ku Kanengo kapena soya akayenda malonda, amafuna pa mphasa pakhale zonse zimene amaona pa mafoni: nthiti za nkhumba mbale iyi, chambo mbale iyo. Kulakalaka sikulakwa. Chondidandaulitsa n'chakuti ndiwo ziwirizi amazitereka nthawi imodzi, pa mbaula imodzi, ndi mtima umodzi. Nsima ikamapakulidwa mupeza nthiti ikadali gwa, chambo nacho chaphwasukiratu, m'mbale mwatsala minga yokha.

Tiyambe ndi nkhumba, poti ndiyo yathu. Kuno kumtunda, kuchokera ku Mponela, Madisi, Nambuma mpaka ku Malomo, mudzi wopanda khola la nkhumba ndi wosowa. Madeya tili nawo, ndipo nkhumba ndiyo imalipira fizi ya mwana chaka chimene fodya wakanidwa. Koma nyama yake imayamba kuphikidwa ndi maso, musanatulutse ndalama m'thumba.

Tsiku la msika mukafika pamene apachika kapado, musachite manyazi kuuza wogulitsa kuti acheke pang'ono pa ntchafu kapena pa phewa inu mukuona. Mukapeza timatuza toyera, tofanana ndi njere za mpunga, tili mbuu m'kati mwa mnofu, amenewo ndi masese. Bwererani, ngakhale mtengo autsitse bwanji. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu akadya nyama yotere isanapse bwino, m'mimba mwake mumakula njoka yaitali. Mazira a njokayo amatuluka ndi chimbudzi, ndipo pamudzi pamene anthu amadzithandiza kutchire, nkhumba zoyendayenda zimatola mazirawo n'kugwidwa masese. Choopsa kwambiri chimabwera mazirawo akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'masamba: timatuza tija timatha kukamera mu ubongo, munthu n'kuyamba kugwa khunyu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati m'madera ambiri momwe njokayi yafala, odwala khunyu 3 mwa 10 alionse anadwala chifukwa cha iyo. Ife tikaona mwana akugwa timathamangira kuloza chala azakhali ake. Bwanji osayamba tayang'ana ngati pakhomo pali chimbudzi, ndiponso ngati nkhumba zimagona m'khola? Ogula nkhumba yamoyo odziwa ntchito yawo amaitsegula kukamwa n'kuona kunsi kwa lilime. Akatero sikuti akunyoza mwini wake.

Palinso nyama imene imatsika mtengo mwadzidzidzi chigodola chikalowa m'dera. Matendawa sagwira munthu, n'zoona, koma kuno alibe mankhwala, ndipo amayenda ndi nyama yomweyo. Mukagula yotchipayo, madzi otsukira ndi makombo mukataya kumene nkhumba zanu zimafika, sabata isanathe khola lanu lili zii. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu.

Tinene kuti mwapeza nthiti zabwino, za nkhumba yofula, chifukwa yamphongo yosafula fungo lake ngakhale adyo amalephera. Uzani wogulitsa adule mafupa awiriawiri kapena atatuatatu, asaphwanye ndi chikwanje mwachisawawa mpaka tizidutswa ta mafupa kudzaza nyama. Kunsi kwa nthiti kuli kachikopa kopyapyala koyera. Kakokeni kachoke, pakuti kamatchinga mchere ndipo sikafewa. Pakani mchere, adyo wosinja, jinja ngati alipo, finyirani ndimu, muzisiye zikhale kaye pamthunzi mutavundikira.

Apa ndiye pogona nkhani. Nthiti ndi nyama imene inagwira ntchito moyo wonse wa nkhumbayo, kupuma kulikonse inali kukoka, motero ndi yodzaza mitsempha. Mitsempha imeneyi moto waukali umangoiumitsa. Imasungunuka ndi moto wofatsa ndi nthawi, ndipo ikasungunuka ndiyo imapatsa msuzi kunanda kuja kumene kumamata milomo. Anyamata a pa chiwaya m'mbali mwa M1 amaponya nyama m'mafuta owira chifukwa basi ikuliza hutala, wogula ali phazi limodzi pakhomo la galimoto. Inu kunyumba kwanu mukuthamangira kuti? Fupa lokakamiza limaswa mphika. Thirani madzi ongofika pakati pa nyama, vundikirani, moto ukhale wa nkhuni ziwiri kapena makala amene ayera kale phulusa. Nkhumba yoyera ya pa famu imafewa pakatha ola limodzi ndi pang'ono. Yakuda yakumudzi, imene yakula ikukwera zitunda za ku Kongwe, ipatseni maola 2, ndipo kwa ine ndiyo yokoma kuposa inzake. Musamangovundukula. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chizindikiro chakuti zapsa n'chakuti mnofu umabwerera m'mbuyo, nsonga ya fupa n'kuonekera, ndipo mukabaya ndi mpeni simutuluka madzi ofiira.

Madzi akaphwera, mafuta a nkhumba yomweyo amatsala pansi pa mphika. Musawonjezere a m'botolo, n'kuwononga ndalama. Kazingani m'mafuta akewo mpaka zifiire, kenako anyezi, tomato ndi kambuzi mmodzi wosaphwanya. Okonda zootcha atulutse nthitizo zitafewa kale, aziyike pa waya pamwamba pa makala kwa mphindi zochepa. Uchi wa alimi a njuchi a kufupi ndi nkhalango ya Ntchisi umakoma kupakapo, koma kumapeto kwenikweni, chifukwa chotsekemera chilichonse chikakhalitsa pamoto chimapserera n'kuwawa.

Ndinenepo za nkhuni ndisanapite kunyanja. Maola 2 a moto si masewera m'dziko limene mapiri ake ameta mpala. Zitsononkho za chimanga zimayaka bwino pansi pa mphika wadothi, ndipo mphika wadothi ukatentha umasunga moto wokha.

Nsomba khalidwe lake ndi lina. Munthu akaima pamwamba pa phiri la Ntchisi kunja kutayera amaiona nyanja ili tantha kumunsi, koma chambo chimatifika chitatopa, chitakwera mtunda wa ku Mvera ndi Chezi kuchokera ku Salima, kapena kudzera ku Nkhotakota, padzuwa, pa njinga yamoto, ayezi atasungunuka kalekale. Apa kudekha kuja kumasanduka mdani. Zengerezu analinda kwawukwawu. Yang'anani diso la nsomba: likhale lowala, lotukuka. Tsegulani m'masaya mwake muone ngati muli mofiira bwino. Dinikizani ndi chala pamsana. Pakatsala dzenje, isiyeni. Ya zilonda pakhungu musaigule n'komwe. Anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Bua akukumbukira matenda a zilonda amene anagwa m'nsomba m'chaka cha 2020, atayambira ku Mchinji.

Mukafika nayo kunyumba, palani mamba, itumbuleni, itsukeni nthawi yomweyo. Ichekeni mizere iwiri kapena itatu mbali zonse, mchere ndi ndimu, basi. Chambo sichifuna zokometsera zambiri, ndipo amene amachikwirira ndi kale ndi zonunkhira za m'mapaketi ndimawakayikira kuti akubisa kanthu. Mafuta atenthe bwino musanachiponyemo, chiume madzi kaye, ndipo chitembenuzeni kamodzi kokha, pakatha mphindi 5 kapena 6. Ngati ndi chamsuzi, tomato ndi anyezi zipse zokha poyamba, nsomba ilowe pomaliza, ndipo mthiko usalowemo. Gwirani mphika m'mbali muugwedeze.

Kunena zoona, chambo chasanduka ndiwo ya mabwana. Chinachepa m'nyanja, n'chifukwa chake boma limaletsa makoka ena kuyambira mu Novembala kuti chiswane, ndipo ku chilumba cha Mbenji ku Salima mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi miyezi ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950. Wogula chambo chaching'ono chosakwana chikhatho akuthandiza kumaliza nyanja. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: makumba ndi chilunguni za m'maiwe a alimi akuno zimafika pamoto zikadaphiriphitha, ndipo kampango kapena mlamba wowamba, wophikidwa pang'onopang'ono ndi nsinjiro za mtedza wathu wa ku Dowa, sindinaone mlendo akuubweza. Usipa wouma uviikeni m'madzi ofunda mchenga utsike, muukazinge pouma kaye musanathire tomato. Nsomba youma yokha ndiyo imalola kudikira.

Adzukulu ochokera ku Cape Town amatisimbira za nkhanu za m'nyanja yamchere ndi tinsomba tofiira ta miyendo yambiri timene amagula m'masitolo a ku Lilongwe titachokera ku Mozambique. Timeneto timapsa m'mphindi 3, mukapitirira timalimba. Koma dziko lathu lilibe nyanja yamchere, ndipo chinthu chimene chayenda ulendo wonsewo m'firiji, magetsi akuzimazima, ine ndimayamba ndachinunkhiza. Ana a kuno akhala akugwira nkhanu pansi pa miyala m'mitsinje chikhalire, osadikira sitolo.

Chotsala n'cha alendo, ndipo ichi ambiri amachiphonya. Safunsa anadya phula, koma pa nkhaniyi wosafunsa amadyetsa mnzake chimene chikhulupiriro chake chimakana. Abale athu Achisilamu, amene ambiri mwa iwo ndiwo amatibweretsera nsomba kuchokera ku Nkhotakota ndi ku Salima, sadya nkhumba. A Seventh Day sadya nkhumba, komanso nsomba zopanda mamba monga mlamba ndi kampango. Mukakazinga chambo m'chiwaya chimene mwangotulutsamo nthiti, kapena kupakulira ndi chipande chimodzi, mwamulakwira mlendo ngakhale iye asadziwe. Mphika wa nkhumba ukhale wakewake, mpeni ndi thabwa lodulirapo chimodzimodzi. Zimathandizanso pa umoyo, chifukwa madzi a nyama yaiwisi sayenera kukhudza chakudya chimene chapsa kale. Ndipo funsani pomuitana pomwe, osati mbale zitafika: “Kodi achimwene, pali chimene simudya?” Palibe amene anakwiyapo ndi funso limeneli.

Tsono inu ana anga amene mukufuna zonse ziwiri pa Khirisimasi ikubwerayi, terekani nthiti dzuwa likadali kum'mawa, muzisiye zizifewa zokha. Nsomba muigule tsiku lomwelo, ndipo ilowe m'mafuta pamene madzi a nsima ayamba kulira.