Ndege za Pagalasi ndi Ndege za ku Tembwe

Ana anga, kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho yalani mphasa tikambirane modekha za mkangano umene walowa m'makomo mwathu muno ku Chifunde. Anyamata amene adapita kukaphunzira ku Tete ndi ku Chipata amabwera patchuthi atanyamula kompyuta m'chikwama, ndipo madzulo, batire la sola likadzaza, amayatsa masewera oulutsa ndege zankhondo n'kuyamba kutsutsana mpaka nsima kuzizira. Wina akuti ndege ya pagalasiyo ikukhota mofulumira kuposa yeniyeni, mnzake akuti ayi, ndi momwemo, ndipo aliyense akulumbira ngati adabadwira m'ndegemo, chikhalirecho onsewo sadakwerepo ngakhale ndege yonyamula anthu.

Musaganize kuti ndikuwanyoza, ayi, pakuti mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo zimene akukanganirazo zili ndi nzeru mkati mwake. Amene amapanga masewerawa amayenera kuiphunzitsa kompyuta khalidwe la mpweya: momwe phiko limanyamulira ndege likamadula mphepo, momwe mphepo yomweyo imaikokera m'mbuyo, mphamvu imene injini imakankhira, ndi kulemera kumene kumanka kuchepa mafuta akamatha. Masewera ena amangoilembera ndege malamulo akuti pa liwiro lakuti uzikhota chonchi, pamene ena amawerengera mphamvu ya mpweya pa phiko lililonse ndi pa chipsepse cha kumchira, kambirimbiri pa sekondi imodzi, kotero kuti ndegeyo imachita zinthu zimene ngakhale woipanga sadailembere. Apa m'pamene pagona mkangano wonse wa anyamatawa.

Taonani mnyamata ali pa MiG-21 m'masewera otchedwa DCS World. Ndegeyi ndi ya mtundu womwe uja dziko lathu la Mozambique lidalandira kuchokera ku Soviet Union m'zaka za m'ma 1980, ndipo padziko lonse zidapangidwa zoposa 10,000. Asanainyamutse amayenera kutsegula maswitchi ambirimbiri motsatana, lililonse panthawi yake, ndipo akalumpha limodzi injini siidzuka. Ili m'mwamba, iye akakoka chiwongolero mwaphuma kuti akhote msanga, mapiko ake a makona atatu aja amamwa liwiro lonse, ndege imayamba kunjenjemera, mpweya umaleka kugwira phiko, ndipo chitsulocho chimayamba kutsika chokha, mphuno ili m'mwamba. Mnyamata amaluma mlomo, amabweza dzanja pang'ono, amaweramitsa mphuno ya ndege kuti liwiro libwerere, ndipo pamenepo waphunzira ndi dzanja lake zimene akulu adanena kale, kuti kuthamanga sikufika. Wadziwanso kuti potera ndegeyi imabwera ndi liwiro lalikulu, kuti mafuta ake sakhalitsa, ndiponso kuti kukatentha ngati momwe kumatenthera ku Tete mu Okutobala, mpweya umapepuka ndipo ndege imafuna msewu wautali kuti inyamuke. Zimenezi ndi maphunziro enieni, ndipo ine ndimaziyamikira.

Kufunafuna choonadi kumeneku kudawapengetsa anthu ena mpaka kupyola malire. Mu 2021, wosewera wina wa masewera a War Thunder adaika pa intaneti zikalata zachinsinsi za kasinja wa asilikali a ku Britain wotchedwa Challenger 2, cholinga chake chili chakuti opanga masewerawo avomere kuti adalakwitsa, ndipo pambuyo pake ena adachitanso chimodzimodzi ndi mabuku a ndege zankhondo. Mwaona mmene mtima wa munthu ulili, ana anga: amalolera kuika khosi lake pa mpeni kuti chidole chake chifanane ndi chenicheni, ndipo akauzidwa kuti bwerera, makutu amagontha, kufikira mtsinje wa Tinkanena utathera mu Siizi.

Komatu nzeru yophunzirira ndege uli pansi si ya lero. Mu 1929, Edwin Link wa ku America adapanga kabokosi kopendekeka uku ndi uku, kokhala ndi zida zoonerapo ngati za m'ndege, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse oulutsa ndege ambirimbiri adaphunziriramo kuyenda mumdima ndi m'mitambo. Mpaka lero oulutsa ndege ambiri amadutsa m'makina otere, chifukwa kulakwitsa uli pansi kumakusiya wamoyo kuti mawa uyesenso. Koma aphunzitsi awo amadziwa bwino pamene makinawo amalekezera. Ndege yankhondo yamakono ikakhota mwamphamvu, thupi la woiulutsa limatha kulemera kasanu ndi kanayi kuposa mmene lilili, mutu wa makilogalamu 5 n'kufika pa 45, ngati munthu wamusenzetsa thumba la chimanga pakhosi ali chikhalire. Magazi amathawa kumutu kutsikira kumiyendo, maso amachita mdima, ndipo ngati sadavale chovala chofinya miyendo ndi mimba, ngati sakudziwa kuumitsa minofu ndi kupuma mwa njira yake, amakomoka ndege ili paliwiro. Kompyuta imangodetsa galasi kuti ikuuze kuti wakomoka, iwe uli bwinobwino pampando, kapu ya tiyi ili pambali. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, ndipo mimba ya wosewera siimva kanthu.

Tsono pali china chimene palibe kompyuta idachiwerengera, ndipo ife a dera lino ndife oyenera kuchinena, chifukwa ndege zimene inu mukusankha pagalasipo zidadutsa pamwamba pa madenga athu. Frelimo itatsegulanso nkhondo m'chigawo cha Tete mu 1968, Apwitikizi adaika ndege zawo za Fiat G.91 pabwalo la Chingodzi, pomwe lero pakutera ndege zonyamula anthu. Pa 16 Disembala 1972, ndege za mtundu umenewo zidaponya mabomba m'dera la Wiriyamu, kenako asilikali adatsika n'kupha anthu mazanamazana, amayi ndi ana omwe. Dziko lidamva nkhaniyi mu Julaye 1973, wansembe Adrian Hastings ataiulula m'nyuzipepala ya The Times ku London, ndipo padapita zaka pafupifupi 50 kuti nduna yaikulu ya Portugal ya panthawiyo, António Costa, ipepese, mu 2022 ku Maputo. Kwathu konkuno, mu Novembala 1977, asilikali a boma la Ian Smith la ku Rhodesia atangotha kuphulitsa msasa wa ZANLA, gulu lomenyera ufulu wa Zimbabwe, ku Chimoio, adatembenukira ku Tembwe ndi ndege za Hunter ndi Canberra pamodzi ndi mahelikopita. G.91 ndi Hunter zonsezo zilimo m'masewera a War Thunder, zonyezimira bwino, ndipo anyamata amakangana za momwe zimakhotera.

Woulutsa ndege amaona dziko lili kutali, midzi ili timadontho, ndipo masewera adajambula bwino kaonedwe kameneko. Chimene sadajambule ndi cha munthu wa pansi, amene samaiona ndege ikubwera, chifukwa yothamanga chotero ikamauluka motsika, phokoso lake umalimva iyo itafika kale pamutu pako. Sadajambule mayi wothawa ndi mwana kumsana asakudziwa kolowera, ngakhale mabanja amene adawoloka malire kupita ku Zambia ndi ku Malawi atasiya nkhokwe zodzaza. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo amene akuti akuidziwa ndege yankhondo chifukwa wadziwa phiko ndi injini yake wamva theka la uthenga basi.

Sindikunena kuti lekani kusewera. Sewerani, tsutsanani, werengani masamu a mpweya mpaka muwadziwe ngati mayina a abale anu, pakuti m'mera m'poyamba, ndipo mwina pakati panu pali amene adzaulutse ndege yonyamula odwala kapena kukonza injini pabwalo la Chingodzi, dziko n'kumanyadira mwana wa ku Chifunde. Koma popeza mwasankha nokha kukhala anthu ofuna choonadi, chifuneni chonse. Agogo amene adabisala m'tchire mu 1977 akadalipo, ngakhale akunka nachepa chaka ndi chaka, ndipo ambiri a iwo sadafunsidwepo ndi munthu. Safunsa anadya phula. Tsekani kompyuta tsiku limodzi, pitani mukakhale pakhonde pawo, muwafunse mwaulemu kuti ndege ija idamveka bwanji, adathawira kuti, adatsala ndani, ndipo mulembe zimene akuuzeni ndi chisamaliro chomwecho chimene mumawerengera liwiro la MiG-21. Mawu a akulu amakoma akagonera, koma amagonera mwa munthu amene adawamva eni ake akadali moyo.