Nyumba Imene Anakana Kuipenta

Ku Derbyshire, m'dziko la England, kufupi ndi mudzi wa Ticknall, kuli chinyumba chotchedwa Calke Abbey. Chimandikhala m'maganizo kuposa nyumba zina zakale za anthu olemera a dzikolo, zija zimanyezimira golide ndi magalasi. Calke sinyezimira. Mapepala okongoletsa makoma ndi omatuka, penti wa kudenga ndi wosendeka, ndipo anthu amene amaisamalira anachita kukhala pansi n'kugwirizana kuti zikhale choncho.

Pamalopo panali nyumba ya amonke m'zaka za m'ma 1100. Imene ilipo leroyi anamangitsa ndi Sir John Harpur pakati pa 1701 ndi 1704. Ndi yamiyala, yosanja, ndipo makoma ake ali ndi zipilala zophwatalala zokwera kuchokera pansi mpaka kudenga, kamangidwe kamene akatswiri amati baroque. Patapita zaka pafupifupi 100 anawonjezera khonde la mizati kutsogolo, potengera akachisi a Agiriki akale. Inamangidwa m'chigwa, moti munthu amaiona atafika kale pafupi.

Kubisala kumeneku kunkagwirizana ndi eni ake. A m'banja la Harpur, amene pambuyo pake ankatchedwa Harpur Crewe, ambiri anali anthu okonda kukhala kwaokha, ndiponso osataya kanthu. Sir Vauncey, amene anamwalira mu 1924, anadzaza zipinda ndi mbalame zoumika zoikidwa m'mabokosi a galasi, zigoba za nkhono, miyala ndi mitu ya agwape. Galimoto sankailola kuponda pamalo ake. Magetsi anafika m'nyumbamo mu 1962. Banja likuchepa, antchito akuchepanso, zipinda zinkangotsekedwa chimodzichimodzi katundu ali momwemo.

Mwini nyumbayo, Charles Harpur Crewe, atamwalira mu 1981, boma linafuna msonkho wa chuma chamasiye wokwana pafupifupi mapaundi 8 miliyoni. Nyumba zambiri zotere zinali zitagwetsedwa kale pa zifukwa zomwezi, mpaka mu 1974 nyumba yosungira zakale ya Victoria and Albert ku London inachita chionetsero chodandaula za kutha kwake. Calke inapulumuka. Mng'ono wa malemuyo, Henry, anaipereka mu 1985 ku National Trust, bungwe losamalira malo a mbiri limene linayamba mu 1895, ndipo boma linathandizapo ndi ndalama. Nyumbayi ili pa mndandanda wa Grade I, gulu lapamwamba la nyumba zotetezedwa ndi lamulo, zimene munthu sangazigumule kapena kuzisintha popanda chilolezo.

Apa ndi pamene mtima wanga umaima. Bungwelo likanatha kuitana amisiri, kumata mapepala atsopano, kupenta, kutaya zakutha, n'kuonetsa alendo nyumba ya 1704 yonunkhira utsopano. Iwo anakonza denga, analetsa madzi kulowa, analimbitsa matabwa ndi makoma kuti nyumba isagwe. Zam'kati zambiri anazisiya monga anazipezera. M'chipinda chimene Sir Vauncey ankagona ali mnyamata, nyanga za agwape ndi zinthu zina zimene ankatolera zidakali mbwee pabedi ndi pansi. Khitchini yakale idakali ndi dzimbiri lake.

Wina angaganize kuti kusiya chinthu n'kosavuta. Si choncho. Pepala lomatuka theka limafuna dzanja loleza mtima kuti lisagwe komanso lisamatidwe bwinobwino ngati silinamatukepo. Penti wosendeka amagwiridwa kachidutswa ndi kachidutswa. Pamafunika kuyeza chinyezi, kutchinga dzuwa, kusakasaka njenjete ndi tizilombo toboola matabwa, kupukuta fumbi la lero popanda kufufuta zipsera za zaka 100. Ntchito yonseyi mlendo saiona, chifukwa ikagwirika bwino chipinda chimaoneka ngati palibe amene wachikhudza.

Ine ndikuona kuti anachita bwino. Kuipenta Calke kukanakhala ngati kudaya imvi za agogo kuti aoneke mtsikana pa chithunzi. Koma pali china chachikulu. Nyumba yonyezimira imachititsa mlendo kuganiza kuti kukongolako kunkangobwera kokha. Ku Calke kuli njira yapansi panthaka imene antchito ankadutsamo kuti mabwana asawaone. Anthu amenewo ndi amene ankakoleza moto m'zipinda m'nyengo yozizira, kutunga madzi, kufulula mowa, kudyetsa akavalo. Iwo atachoka, nyumba inayamba kufota. Khoma lomatuka lija likunena za manja amene anasiya kulisamalira, ndipo ndi umboni wa anthu amene zithunzi zawo sizinapachikidwe m'chipinda chochezera.

M'nyumba yomweyi munapezeka bedi lachifumu la m'zaka zoyambirira za m'ma 1700, nsalu zake za silika wa ku China wopetedwa ndi ulusi wamitundumitundu. Akuti linabwera ngati mphatso ya ukwati wa mu 1734. Linakhala m'mabokosi mibadwo ingapo osalitambasula, ndiye mitundu yake sinazilale chifukwa dzuwa silinaione. Lero analiimika kuseri kwa galasi, m'chipinda chowala pang'ono. Ndikaliganizira ndimamva chisoni pang'ono ndi anthu amene anapeta nsaluzo miyezi yambiri, ntchito yawo n'kukagona mumdima kutsidya kwa nyanja. Komabe mdima womwewo ndi umene waisunga kuti tiione.

Funso limene silindichoka ndi lakuti angaimitse kufotako mpaka liti. Nyumba inkawonongeka tsiku ndi tsiku, ndipo bungwe linasankha kuigwira pamene inafika m'ma 1980. Pamenepo palinso kusankha kwa munthu, pakuti kuwonongeka kwenikweni sikuima. Alendo amalowa ndi mpweya wawo ndi fumbi la nsapato, pepala limapitiriza kufooka ngakhale lisamaliridwe chotani. Tsiku lina chigamba chathunthu chidzagwa, ndipo padzapezeka wina wonena kuti asindikize china chofanana nacho, achithimbiritse, achimate mopendekeka kuti alendo asadziwe. Ndikanakonda akanadzasunga chakugwacho m'bokosi, khoma n'kulisiya lopanda kanthu, ndi kulemba chaka chimene chinagwa.