Mtembo wa Msodzi

Padangokhala msodzi wina wa ku Insaca amene ankapha matemba ndi milamba pa nyanja ya Chilwa. Usiku wina atangodya nsima anayamba kusanza magazi, ndipo tambala asanalire anali atatsikira kulichete.

Mkulu wake anafika kuchokera ku Entre-Lagos, maso ali psu. Sanalire n'komwe, anangolunjika kwa mkazi wa malemu. "Mlamu, munthu wamphamvu zake safa ndi nsima. Munaikamo chiyani m'ndiwo?" Pofika masana, pasiwa ponse pankanong'onedwa za ndulu ya ng'ona.

Namwino wina wapamudzipo anati thupi likapimidwe. Mkuluyo anakanitsitsa. "Mng'ono wanga anabadwa wathunthu, apite wathunthu. Galimoto yopita ku Cuamba alipire ndani? Adzukulu akumba kale manda."

Mayi wamasiye uja nayenso sankafuna. Thupi limene analifunditsa zaka zonsezo, alipereke ku mpeni? Koma ankadziwanso mudzi wake. Manda akakwiriridwa, mlandu ukanatsala pakhomo pake, ndipo ana ake akanakula akutchedwa ana a mfiti.

Apa agogo ena, amene anthu ankayesa kuti akuwodzera pamphasa, anatsokomola. "Ana inu, mwaiwala za ku Chitima, ku Tete? Mu Januwale 2015 anthu 75 anafa atamwa mowa wamasese wa pamaliro. Aliyense ankati ndulu ya ng'ona. Atayeza mowawo anapeza kuti poizoni anachokera ku tizilombo tomera mu ufa umene unanyowa ndi madzi osefukira. Ngakhale mayi wofulula mowawo anafa nawo. Ndiye inu, amene simunayeze kanthu, mwadziwa bwanji?"

Mayi uja anapukuta misozi. "Alamu, ndigulitsa mpunga wanga wonse. Akapeza poizoni, mundipereke nokha kupolisi."

Mkuluyo anavomera, osati chifukwa chomva za agogo ayi, koma pofuna umboni womangitsira mlamu wake.

Atapima, dokotala anawaitana onse awiri. Poizoni munalibe. Chiwindi chinali chitauma ndi zipsera za likodzo la m'matumbo, lija limalowa pakhungu munthu akamaponda m'madzi okhala nkhono. Magazi, polephera kudutsa m'chiwindimo, anatupitsa mitsempha ya kum'mero mpaka wina unaphulika. Matendawo anali atamudya mwakachetechete zaka zambiri.

"Ndani winanso amalowa m'madzi omwewo?" anafunsa dokotala.

Mkuluyo anagwira mimba yake, imene inali itayamba kutupa chaka chatha. Anali atakoka khoka limodzi ndi mng'ono wakeyo kuyambira ali anyamata.

Maliro anaikidwa mochedwa ndi tsiku limodzi. Sabata yotsatira, mkuluyo anatenga ana a malemu ndi ake omwe kupita nawo kuchipatala, komwe anakamwa mankhwala a praziquantel. Pobwerera anatula thumba la mpunga pakhonde la mlamu wake, nakhala pansi, chipewa chili m'manja.