Kalata ikafika, mwini wake ndani?

Mary Benson anabadwira ku Pretoria mu 1919, mzungu amene anakula osaona vuto ndi tsankho. Atawerenga Cry, the Beloved Country, analembera kalata mlembi wake, Alan Paton, ndipo moyo wake unasintha. Mu 1952 anathandiza m'busa Michael Scott kuyambitsa Africa Bureau ku London, bungwe lomwe linatsutsanso chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Kenako analemba mbiri za Tshekedi Khama, Albert Luthuli ndi Nelson Mandela. Anamwalira mu 2000, ndipo mapepala ake akusungidwa ku University of London, komwe ofufuza amakawawerenga.

Apa ndiye pandiimitsa mutu. Munthu akamalembera mnzake salembera dziko. Amadandaula, amaulula mantha ake, mwinanso kujeda kumene. Nanga mnzakoyo akakhala wolemba mbiri za anthu, ukucheza ndi bwenzi kapena ndi kope lake? Pepala ndi la wolandira, inde, koma mawuwo si ake.

Komabe sindingam'weruze. Mu 1966 boma la tsankho linamutsekera m'nyumba ndi kumuletsa kulemba, mpaka anatuluka m'dzikomo. Apolisi a boma lomwelo ankasunga mafayilo awo okhudza omenyera ufulu. Abwenzi akanawotcha zonse poteteza zinsinsi, bwenzi lero tikuwadziwa anthuwa kudzera m'cholembera cha owazunza. Kuwotcha nakonso ndi kupereka mnzako.

Ndiye ine ndikuona chonchi: wosunga kalata si mwini wake, wangosungitsidwa. Ali ndi ngongole ziwiri. Yoyamba ndi kudikira mpaka mawuwo asathenso kumangitsa kapena kuchititsa manyazi munthu wamoyo. Paja amati mawu a akuluakulu akoma akagonera. Yachiwiri ndi kum'onetsa wolembayo yense, osangotolamo chiganizo chimodzi chokoma pa miseche.

Ifeyo timalephera zonse ziwiri. Mnzako wakuuza za kukhosi pa WhatsApp usiku, mukangoyambana m'mawa screenshot ili kale pagulu, yodulidwa mutu ndi miyendo. Nanenso ndinachitapo, ndisaname, ndipo ndinkati ndikungoonetsa chilungamo. Mnzangayo sanakane kuti mawuwo ndi ake. Anangondifunsa kuti, "Ndimalembera iwe kapena gulu?" Mpaka lero amandiyankha ndi mawu awiri atatu basi.

Mufoni mwanumo muli mawu a anthu angati amene anakusungitsani?