MBIYA ZOBWEREKA: MAU KWA AMAYI PA NKHANI YA FIZI YA KU KOLEJI

Kuwerenga: 2 Mafumu 4:1-7, Luka 14:28-30



Chaka chilichonse, mayina a ana osankhidwa kupita ku yunivesite akatuluka, m'matchalitchi mwathu mumamveka nthungululu. Mayi wa mwanayo amabwera kutsogolo ndi chopereka cha chithokozo, ife tonse n'kuimirira kuvina naye. Ndi zoyenera ndithu. Koma Misa ikatha, aliyense amalowera kwake, ndipo mayi uja amatsala yekha ndi kalata imene yalembedwa fizi. Usiku umenewo tulo sabwera.

Pa parishi ina ya kumudzi panali mtsikana wa m'kwaya, mwana wa mayi wamasiye, membala mnzathu. Anakhoza bwino mayeso a Fomu 4 ndipo anasankhidwa. Tinavina. Patapita miyezi ingapo tinamupeza pamsika akugulitsa mandasi. Titafunsa, tinamva kuti banjalo silinkadziwa za ngongole ya boma ya ophunzira, ndipo pamene linamva, tsiku lotsekera linali litadutsa. Mayi ake anachita manyazi kutiuza. Ifenso, amene tinavina kwambiri tsiku lija, palibe ndi mmodzi yemwe amene anakafunsa kuti zokonzekera zili pati. Mlandu umenewu ndi wathu, ndipo ndi chifukwa chake talemba mau awa.

M'buku lachiwiri la Mafumu timawerenga za mayi wamasiye amene mwamuna wake anali mmodzi wa gulu la aneneri, munthu woopa Mulungu. Anamwalira atasiya ngongole, ndipo mwini ngongoleyo anali pafupi kudzatenga ana awiri aamuna kuti akhale akapolo ake. Mayiyo anapita kwa mneneri Elisa. Elisa anafuna kudziwa chimene chinatsala m'nyumba, ndipo kunapezeka kuti ndi mafuta pang'ono chabe. Anamutuma kukabwereka mbiya zopanda kanthu kwa anansi, zambiri ndithu, kenaka adzitsekere m'nyumba ndi ana ake n'kuyamba kuthira. Mafuta anatuluka mpaka mbiya yomaliza itadzaza, pamenepo n'kuleka. Elisa anamuuza kuti agulitse mafutawo, abweze ngongole, ndipo zotsalazo adye ndi ana ake.

Tione zimene mayiyu anachita, pakuti ndi zomwezo zimene zikufunika kwa ife pa nkhani ya fizi.

Choyamba, sanabise vuto lake. Anali mkazi wa mtumiki wa Mulungu, munthu wodziwika, koma anatuluka m'nyumba n'kukanena poyera kuti ana ake ali pangozi. Ambiri a ife timaopa kuti anzathu atiseka. Timavala yunifolomu yochapa bwino, timaimba mokweza, koma mumtima muli mwala. Amayi, umphawi si tchimo. Kalata ya ku sukulu ikabwera, tisaibise pansi pa mphasa. Tipite nayo kwa atsogoleri a nthambi yathu, kwa Abambo ansembe, kwa aphunzitsi aakulu a sukulu imene mwana anaphunzira. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Chachiwiri, anawerenga chimene anali nacho. Ambuye Yesu nawonso, pa Luka 14, amaphunzitsa kuti wofuna kumanga nsanja ayambe wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake, kuopa kuti angathere pa maziko anthu n'kumamuseka. Maphunziro a ku koleji ndi nsanja ya zaka 4, ena 5 kapena kuposerapo. Ife a msinkhu wathu timakumbukira nthawi imene ophunzira a ku yunivesite ankagona ndi kudya pa sukulu boma likulipira mbali yaikulu. Nthawi imeneyo inapita. M'chaka cha 2023 University of Malawi ku Zomba inakweza fizi kuchoka pa K350,000 kufika pa K650,000 pachaka, ndipo mayunivesite ena a boma anakwezanso yawo. Mitengo imasintha, choncho mtengo woti tiukhulupirire ndi umene walembedwa m'kalata ya chaka chimenecho.

Ndiponso fizi ndi gawo limodzi chabe. Pali malo ogona, ndipo amene sanapeze malo pa sukulu amachita lendi kunja. Pali chakudya cha tsiku ndi tsiku, thiransipoti yopita ndi kubwera, sopo, mapepala, ndalama ya intaneti, ndipo maphunziro ambiri masiku ano amafuna kompyuta. Titenge kope ndi cholembera, tilembe zonsezi mbali imodzi. Mbali inayo tilembe mafuta athu: matumba a mtedza kapena soya amene tingagulitse, mbuzi, kageni kathu, masheya a ku banki m'khonde, ndi abale amene alonjeza kuthandiza, aliyense ndi ndalama imene wanena ndi pakamwa pake. Kusiyana kwa mbali ziwirizi ndiko kukula kwa mbiya imene tiyenera kukabwereka.

Chachitatu, anakabwereka mbiya. Taonani kuti Mulungu akanatha kulenga mbiya monga anachulukitsira mafuta, koma anafuna kuti mayiyo ayende yekha khomo ndi khomo. Kupempha thandizo m'njira yoyenera sikuchepa chikhulupiriro ayi.

Mbiya yaikulu m'dziko lathu ndi bungwe la boma loona za ngongole za ophunzira, lotchedwa Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2015. Limabwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa a m'mayunivesite a boma, amene kuyambira 2021 alipo 6: University of Malawi, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuzu University ndi MUST ya ku Thyolo. Limabwereketsanso ophunzira osowa a m'mayunivesite omwe si a boma, malinga akhale ovomerezeka. Pali zinthu zitatu zimene mayi aliyense ayenera kuzidziwa. Kusankhidwa kupita ku yunivesite ndi nkhani ina, kupeza ngongole ndi nkhani inanso: mwana ayenera kufunsira ngongoleyo payekha. Bungweli limalengeza nthawi yofunsira ndi tsiku lotsekera, ndipo kufunsirako kumachitika pa intaneti, choncho chiphaso cha unzika cha mwana ndi zikalata zina zikhale zokonzeka nthawi isanakwane. Komanso si onse ofunsira amene amalandira, pakuti ofuna ndi ambiri kuposa ndalama, ndipo ngakhale amene walandira sizimukwanira pa zonse. N'chifukwa chake Elisa ananena za mbiya zambiri. Tifunsenso ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira pa sukulupo ngati pali mabungwe kapena anthu akufuna kwabwino amene amalipirira ana osowa, ndiponso ngati fizi ingaperekedwe m'magawo.

Tisiyanitsenso mau. Pali thandizo limene ndi mphatso, monga sikolashipu kapena basale, limene kawirikawiri silibwezedwa koma limakhala ndi malamulo ake, monga akuti mwana azikhoza bwino. Ndipo pali ngongole, imene imabwezedwa. Tisanalole mwana kusaina pepala lililonse, tifunse kuti ichi ndi chiti mwa ziwirizi.

Koma si mbiya iliyonse imene ili yabwino. Ina ndi yong'aluka. Tisanalipire ndi tambala yomwe ku koleji imene si ya boma, tifufuze ngati sukuluyo ndi maphunziro akewo ndi ovomerezeka ndi bungwe la National Council for Higher Education. Ngati ndi za unamwino ndi uzamba, tifunsenso ku Nurses and Midwives Council of Malawi. N'zomvetsa chisoni kugulitsa ng'ombe chifukwa cha pepala limene olemba ntchito sadzalilandira. Tichenjerenso ndi anthu oimba foni amene amati mwana wapeza sikolashipu koma titumize kaye ndalama pa foni kuti dzina lake lisachotsedwe. Amenewo ndi akuba. Ndipo katapila ndiye mwini ngongole uja wa m'buku la Mafumu, amene amabwera kudzatenga ana. Chiwongoladzanja chake chimakula mwezi ndi mwezi, pamene digiri imabala zipatso patapita zaka. Munda wa banja nawonso tisaugulitse mothamanga, pakuti ndiwo mafuta amene adzalipire chaka chachiwiri ndi chachitatu.

Pali mbiya inanso yoopsa kuposa zonsezi. Ena a ife tinagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri, ndipo tinalandira m'zipatala atsikana a m'makoleji, ena ali ndi mimba zosayembekezera, ena ndi matenda, ena atayesa kuchotsa mimba mobisa n'kufika magazi ali chuchuchu. Tikakhala nawo pansi, nkhani kawirikawiri sinkayambira pa chikondi. Inkayambira pa njala ndi lendi. Fizi inalipiridwa, makolo n'kupuma, koma mwana analibe chodya, ndipo panapezeka bambo wina wagalimoto wonena kuti athandiza. Anyamata nawonso njala imawagwetsa m'njuga ndi m'zakuba. Mwana wanjala sanena msanga, makamaka akadziwa kuti kunyumba kulibe. Timufunse ife: wadya chiyani lero, lendi walipira? Thumba la ufa, nyemba ndi mtedza zotumizidwa pa basi zapulumutsa ana ambiri kuposa ulaliki wathu wautali.

Chachinayi, mayi uja anatseka chitseko ali pamodzi ndi ana ake, ndipo anawo ndiwo ankamupatsira mbiya. Iwo anaona ndi maso awo kumene chipulumutso chawo chinachokera. Ifenso tikhale pansi ndi ana athu, kope lija lili potseguka. Mwana adziwe kuti mbuzi zingati zapita, kuti asakasewere ndi maphunziro kapena kudya ndalama ya fizi pogula foni yodula. M'chipinda chotseka chomwecho ndi mmenenso timayesedwa pa choonadi. Alipo makolo amene amauza mwana kuti alembe kuti ndi wamasiye bambo ake ali moyo, kapena abise ntchito ya makolo, kuti apeze ngongole. Amayi, tingaike bwanji mwamuna wamoyo m'manda chifukwa cha fomu, Lamulungu n'kudzagwada naye pa guwa kulandira Mgonero? Ndalama zimenezo n'zowerengeka. Wopeza bwino akalandira mwachinyengo, kwinakwake mwana wamasiye weniweni watsala kunyumba. Ngati Mulungu watipatsa zokwanira, tilipire tokha ndi kuthokoza.

Chachisanu, Elisa anaika kubweza ngongole patsogolo, kudya pambuyo. Ambiri amaganiza kuti ndalama ya boma ilibe mwini. Bungwe lija limatolera ngongole ngakhale kwa amene anaphunzira kuyambira 1985, ndipo lamulo limalola kuti ndalamazo zizidulidwa ku malipiro kudzera kwa olemba ntchito. Koma mkhristu sayenera kudikira kuti amusake. Masalmo 37:21 amaika munthu wokongola osabweza m'gulu la oipa. Ndalama zobwezedwazo ndi zimene zimathandiza kuti ana ena aphunzire. Ena a ife tili ndi ana amene anamaliza kalekale, ali pa ntchito zabwino, amatigulira zitenje pa Khirisimasi, koma mbiya ya eni ake ikadali m'nyumba mwawo. Akadzabwera kudzationa, tiwafunse mwachikondi ngati anabweza. Amene sanapeze ntchito asathawe, apite akafotokoze. Mbiya yobwereka imabwezedwa yotsuka, kuti mnansi adzabwereketsenso mawa.

Tsono tisaiwale anthu ena a m'nkhaniyi amene mayina awo sanalembedwe: anansi amene anatulutsa mbiya zawo. Akanakana, mafuta akanathiridwa kuti? Anansi amenewo ndife. Pamene Mary Sumner anayambitsa Mothers' Union mu 1876, anafuna kuti amayi azithandizana kulera ana, ndipo chimodzi mwa zolinga zathu ndi kuthandiza mabanja amene agwa m'mavuto. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Choncho tikupempha nthambi iliyonse kuti isankhe amayi awiri, makamaka aphunzitsi kapena ena ozolowera mafomu, amene azilemba mayina a ana onse a Fomu 4 a mu mpingo mayeso asanalembedwe. Amayi amenewa azitchera khutu ku zolengeza za pa wailesi ndi m'nyuzipepala, azipempha kuti tsiku lotsekera lilengezedwe m'tchalitchi, ndipo azipeza wachinyamata wodziwa intaneti woti akhale ndi mwana aliyense pofunsira. Nthambi imene ingathe iyambe kathumba ka maphunziro, ngakhale ka mbale imodzi ya chimanga pa membala pa nthawi yokolola, kolembedwa bwino m'buku ndi kuwerengedwa poyera pa msonkhano. Sitingalipire fizi ya mwana aliyense, koma thiransipoti ya ulendo woyamba, bulangeti ndi ufa tingathe.

Mtsikana wa mandasi uja malo ake anataya. Patapita zaka ziwiri anapeza malo pa koleji ina ya unamwino, ndipo ulendo uno amayi a nthambi yake anayenda naye kuyambira pa fomu yoyamba. Tikuthokoza Mulungu, koma zaka ziwiri zija sizinabwerere. Mafuta analeka pamene mbiya zinatha. Mulungu sanatope, koma anadzaza zimene zinakonzedwa. Tipemphere kolimba, ndipo tikanena Amen tinyamuke kukasonkhanitsa mbiya.

Tipemphere. Mulungu Atate, mthandizi wa amayi amasiye ndi ana awo, tichotsereni manyazi otilepheretsa kupempha ndi kuuma mtima kotilepheretsa kupereka. Tetezani ana athu amene ali kutali ndi ife m'makoleji, kuti njala isawagulitse. Tipatseni mtima woona polemba mafomu ndi wokhulupirika pobweza zimene tinabwereka. Dalitsani pang'ono pamene tili napo, mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.