Usanasaine kalata ya ntchito ya pa yunivesite

Mnzanga wina atabwerako ku Pretoria ndi digiri ya PhD, yunivesite ina kuno kwathu inamulembera kalata yomupatsa ntchito ya uphunzitsi. Anasaina tsiku lomwelo, manja akunjenjemera ndi chimwemwe. Patapita miyezi itatu ndinamupeza usiku akuchonga mulu wa mapepala a mayeso, kafukufuku wake wa matenda a chinangwa ali m'katoni pansi pa tebulo, fumbi litakuta. Anandiuza kuti ankaopa kufunsa kalikonse kuti akuluakulu angamuone ngati wamwano.

Mantha amenewa ndimawamvetsa. Tinakula tikuphunzitsidwa kulandira ndi manja awiri, ndipo ntchito ikusowa. Komatu makolo omwewo ndiwo anati safunsa anadya phula.

Zoona, m'mayunivesite a boma monga UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST ndi Mzuni, malipiro amatsata magiredi, ndipo mkulu wa dipatimenti sangakuwonjezere ndi pakamwa. Ambiri akamva zimenezi amagwa mphwayi, nkumati palibe chokambirana. Apa ndi pamene timalakwitsa. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, malipiro a aliyense anafota usiku umodzi. Chimene sichifota choncho ndi nthawi. Funsa kuti uziphunzitsa makosi angati pa semesita, m'kalasi muzikhala ophunzira angati, ndipo ndi masiku ati amene udzasiyidwe kuti uchite kafukufuku. Funsa ngati zaka zimene unagwira kale ntchito ndi zimene unasindikitsa ziwerengedwe pokuyika pa giredi. Ngati ndiwe wa sayansi, pita ukaione labotaleyo ndi maso ako usanavomere.

Nkhani ya nthawi ndaikakamira dala. Kuti ukwezedwe kukhala senior lecturer, komiti idzawerenga zimene wasindikitsa m'majenulo. Munthu amene anakusenzetsa makosi asanu chaka choyamba sadzakhalapo kuti akuikire kumbuyo.

Ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe. Ma dean amasinthana pa mpando. Lonjezo la pakhonde limapita ndi mwini wake. Pempha sabata imodzi yoti uwerenge kalatayo modekha, kenako uyankhe mwaulemu, mopanda kuopseza kuti kwina akukufuna ngati sizili choncho.

Mnzanga uja anadzapempha kuti amuchepetsereko makosi chaka chachiwiri. Anamuyankha mokoma mtima kuti ndandanda inatuluka kale.