Kodi Kumana Kungakhale Cikondi?

Munthu wofika m'mzinda wa Kafue m'miyezi ya September ndi October, pamene udzu wauma ndi dzuwa la m'cigwa liocha ngati ng'anjo, aona pamipanda ndi pamakonde maluwa ofiira a mtengo woyanga wochedwa bougainvillea. Mtengo umenewu kwao nku South America. Anaucha dzina la Louis Antoine de Bougainville, mkulu wa zombo wa ku France, cifukwa Philibert Commerson, wodziwa zomera amene anayenda naye, anautola ku Rio de Janeiro m'caka ca 1767. Cimene anthu ayesa duwa ndi masamba atatu opyapyala ngati pepala. Maluwa enieni ndi tinthu tating'ono toyera tobisika pakati pao.

Ena auoka m'citini, nauika pakhonde kapena pazenera. Ndipo apa mpamene pabuka funso lobvuta. Pangakhale mai wina wa ku Kafue Estates amene aukonda mtengo wace koposa. Madzi sawasowa, pakuti mtsinje waukuru uli pafupi, umene madzi ace amwedwa ngakhale ku Lusaka. Ndipo fetereza si mlendo m'mzinda umene fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia inatsegulidwa m'caka ca 1970. Tsono authirira m'mawa ndi madzulo, nauonjezera fetereza, naukokera kumthunzi kuti dzuwa lingaupsereze. Mtengowo umbwezera masamba obiriwira ndi nthambi zazitari za minga, koma duwa ndi limodzi lomwe iai. Pambuyo pace mizu ibvunda m'matope, masamba nayoyoka.

Mnansi wace acita mwina. Sathirira kufikira dothi litauma, sausamutsira m'citini cacikuru ngakhale mizu yathinana, ndipo maluwa akafota asadza nthambi ndi mpeni, popeza maluwa atsopano aturuka pa mphukira zatsopano. Citini cace cikhala padzuwa maora asanu kapena asanu ndi limodzi tsiku liri lonse. Woona msanga angamuyese wouma mtima, koma khonde lace ndilo lifiira. Mtengo uwu ucita maluwa pamene wamva ludzu pang'ono. Ukakhuta madzi ndi fetereza, mphamvu yace yonse ithera m'masamba.

Anthu a ku Kafue anaona cinthu cofanana ndi ici pa mtsinje wao womwe. Namasupuni, amenenso kwao nku South America, ndipo anafalitsidwa m'maiko cifukwa ca kukongola kwa duwa lace, anapeza madzi olemera ndi zotsalira za fetereza ndi zonyansa za m'mizinda. M'zaka za m'ma 1990 anaphimba mtsinjewo pafupi ndi mlatho, asodzi nasowa popalasa bwato.

Kotero nzoona kuti kupatsa kosaleka si cikondi nthawi zonse. Kawirikawiri wopatsa cotere adzikondweretsa yekha: afuna kumva kuti wacitapo kanthu, ndipo alibe cipiriro ca kufunsa cimene comeraco cisowa. Makolo ambiri alidziwa yeso limeneli, makamaka iwo amene anakula m'umphawi, nalumbira kuti ana ao sadzamva mau akuti iai.

Koma ciphunzitso ici ciri ndi minga monga mtengowo, ndipo anthu oipa acigwira msanga. Bambo amene athera malipiro ace ku mowa anganene kuti alimbitsa ana ace powamana. Wolera mwana wamasiye angamgonetse ndi njala, nati amphunzitsa moyo. Kumana kotere nkosiyana bwanji ndi kwa mnansi uja? Kusiyana kwace kuoneka m'mawa. Mnansiyo aturuka tsiku liri lonse, napisa cala m'dothi, nayang'ana masamba. Ndipo akaona kuti ayamba kulefuka, athira madzi ambiri kufikira aturukira pansi pa citini. Nchito yace iposa ya wothirira mosaganiza, pakuti kudikira ndi maso nkolemetsa kuposa kutsanula ndowa. Wonyalanyaza sayang'ana konse, ndipo adziwa kuti mtengo wafa pamene wina amuuza.

Ndiponso kumanako kuli ndi nyengo yace. Nthambi yongooka kumene, yopanda mizu, ifuna cinyontho masabata angapo. Woimana madzi aipha.  Ndipo mtengo wa m'citini suli ngati wa pampanda, umene mizu yace itsikira pansi kukadzifunira madzi yokha. Wa m'citini anautsekera ndi munthu, ndipo wotsekera ali ndi mangawa pa cimene anacitsekera. Sanganene kuti cidzionere cokha.

Pamenepa fanizo lifika polekeza, pakuti mwana si mtengo. Ali ndi pakamwa, ndipo ayenera kufunsidwa ndi kuuzidwa cifukwa cace ca iai amene wamva. Kusadza nthambi sikupatsa munthu cilolezo ca kukwapula mwaukali. Mtengo wothirirwa mopitirira ungathe kucira poucotsa m'matope ndi kudula mizu yobvunda, ndipo wouma pang'ono utsitsimuka madzulo omwewo utamwa. Za mwana womanidwa popanda womyang'ana, palibe mlimi wa ku Kafue angalonjeze cotere.